Kusankha zipangizo za kompyuta yamphamvu yosewerera magemu ndi kuulutsira pa intaneti mu Johannesburg

Mwa Amalawi amene tikukhala kuno ku Johannesburg alipo ena, makamaka achinyamata, amene amasunga ndalama kwa miyezi yambiri kuti adzamange kompyuta yosewerera magemu, yoti izithanso kuulutsa seweroli pa YouTube, pa Twitch kapena pa Facebook kuti anzawo a kuno ndi abale a kumudzi aziona pompopompo. Ambiri amayamba ndi funso lakuti khadi la zithunzi (chipangizo chimene chimajambula zooneka pa sikirini) lamphamvu kuposa ena onse ndi liti, ndipo yankho lake wogulitsa aliyense angakuuzeni asanaganize n'komwe. Koma funsoli likatsogola, ndalama zimathera pa chipangizo chimodzi, zina zonse n'kugulidwa ndi zotsalira, mpaka munthu kupezeka ali ndi khadi lodula kwambiri lolumikizidwa ku sikirini yosatha kuonetsa mphamvu zake, m'chipinda chimene magetsi ndi intaneti yake sizingapirire ntchitoyo. Kusankha kwabwino kumayambira pa chithunzi chimene inu mukufuna kuona, pa anthu amene azidzaonera ndi pa soketi ya pakhoma la chipinda chanu. Khadi ndi purosesa, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, zimasankhidwa zimenezi zikadziwika.

Sikirini ndiyo imanena kuchuluka kwa ntchito imene kompyuta iyenera kugwira. Ya 1080p ili ndi timadontho ta kuwala toposa pang'ono 2 miliyoni, ya 1440p ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, pamene ya 4K ili ndi 8.3 miliyoni. Khadi liyenera kuwerengera mtundu wa kadontho kalikonse, n'kubwereza ntchitoyi ka 60, ka 144 kapena ka 240 pa sekondi imodzi malinga ndi liwiro la sikiriniyo. Motero wofuna 4K pa zithunzi 144 pa sekondi akupempha ntchito yochuluka pafupifupi kakhumi kuposa ya amene wakhutira ndi 1080p pa zithunzi 60. Komanso sikirini ya 60 Hz singaonetse zithunzi zathunthu zoposa 60 pa sekondi ngakhale khadi litatulutsa 300.

Magemu nawonso salemera mofanana. Amene amapikisana pa Counter-Strike 2, Dota 2 kapena Fortnite amafuna zithunzi zambiri pa sekondi kuposa kukongola kwa malo, moti ena amachita kutsitsa dala zokongoletsa zonse kuti mdani azioneka msanga, ndipo kwa iwo purosesa ndi liwiro la sikirini n'zofunika kuposa khadi lodula. Amene amakonda magemu ngati Cyberpunk 2077, mmene kuwala kwa nyali iliyonse kumawerengeredwa mwatsatanetsatane, amalemetsa khadi kuposa china chilichonse. Tinenenso mosabisa kuti gemu ya mpira imene ambiri timaitchulabe FIFA, ngakhale inasinthidwa dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, siifuna kompyuta ya pamwamba ayi. Ngati ndiyo yokha imene mukufuna kuulutsa, makina apakatikati akukwanirani, ndipo zotsalazo mungalipirire intaneti yabwino kwa miyezi yambiri.

Pa makhadi, pamwamba penipeni pali GeForce RTX 5090 ya kampani ya Nvidia, imene inatuluka mu Januwale 2025 ili ndi memory ya 32 GB, ndipo imakoka mawati 575 ikalemedwa ntchito. Mtengo wake wolengezedwa ku America unali madola 1,999. Tikawerengera dola imodzi pa marandi 18 n'kuwonjezerapo msonkho wa VAT wa 15 peresenti, tafika kale pa marandi oposa 41,000, ndipo m'masitolo a kuno yakhala ikugulitsidwa pa mtengo wokwera kuposa pamenepo. RTX 5080 inalengezedwa pa madola 999, RTX 5070 Ti pa 749, pamene Radeon RX 9070 XT ya AMD, imene inatuluka mu Marichi 2025, inalengezedwa pa 599. Makhadi atatu onsewa ali ndi 16 GB.

M'kuona kwanga, pamene ndalama zimagwira ntchito yooneka ndi pa sikirini ya 1440p ya 144 Hz kapena kuposerapo, yoyendetsedwa ndi limodzi mwa makhadi atatu amenewa. RTX 5090 ndi yodula kawiri kuposa RTX 5080 koma siithamanga kawiri, mphamvu zake zimaoneka bwino pa 4K, ndipo ikalowa m'nyumba imaitananso zina zodula, monga power supply (chogawira magetsi ku zipangizo za m'kati) yaikulu, bokosi lalikulu ndi UPS (batire yothandiza magetsi akathima) yaikulu. Kumunsi nako kuli malire: khadi la 8 GB silikuyeneranso ntchito imeneyi, chifukwa magemu atsopano amadzaza memory yotereyi pa 1440p, pomwe pulogalamu youlutsira nayo ikufuna gawo lake, ndipo memory ikadzaza chithunzi chimayamba kuima n'kumadumpha. Otsatsa malonda amatchula kwambiri DLSS ya Nvidia ndi FSR ya AMD, njira zimene khadi limajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa mwaluso, kapenanso kupeka zithunzi zina pakati pa zenizenizo. Kukulitsako n'kothandizadi. Koma zithunzi zopekazo sizifulumizitsa kuyankha kwa gemu mukadina batani, ndipo oonera anu sapindula nazo, popeza zoulutsidwa kawirikawiri sizipitirira zithunzi 60 pa sekondi.

Chimene chimasiyanitsa kompyuta youlutsira ndi yongosewerera ndi ntchito yopanikiza kanema. Chithunzi cha 1080p pa zithunzi 60 pa sekondi, chisanapanikizidwe, chimafuna liwiro la intaneti la pafupifupi 3,000 Mbps, pamene Twitch kwa zaka zambiri yakhala ikulangiza oulutsa kuti atumize pafupifupi 6 Mbps basi. Kanemayo ayenera kuchepetsedwa ka 500, nthawi yomweyo pamene gemu ikuseweredwa, popanda kuchedwa. Kale ntchitoyi inkagwiridwa ndi purosesa kudzera mu pulogalamu ya x264, ndipo inkailemetsa kwambiri moti oulutsa odziwika ankakhala ndi makompyuta awiri, ina yosewerera ina youlutsira, zolumikizidwa ndi capture card, kachipangizo kotengera chithunzi kuchoka ku yoyamba kupita ku yachiwiri. Kuyambira pa makhadi a RTX 20 a mu 2018, kagawo kapadera ka m'khadi kotchedwa NVENC kanayamba kugwira ntchitoyi bwino ndithu popanda kulanda mphamvu zambiri za gemu, ndipo lero kompyuta yachiwiri siifunikanso kwa anthu ambiri. Chinanso chinasintha mu 2022, pamene makhadi a Intel Arc, a RTX 40 ndi a Radeon RX 7000 anabwera ndi luso lopanikiza m'njira ya AV1, imene imatulutsa chithunzi choyera kuposa njira yakale ya H.264 pa data yofanana. YouTube inayamba kulandira AV1 kuchokera ku pulogalamu yaulere ya OBS Studio mu 2023. Choncho funso lakuti muziulutsira kuti lili ndi gawo pa kusankha khadi. Pa YouTube, khadi lililonse latsopano la makampani atatuwa lingachite bwino ndi AV1. Kumene H.264 ikadali yofala, monga pa Twitch ndi pa Facebook, Nvidia yakhala patsogolo kwa nthawi yaitali, ngakhale kuti AMD inakonza kwambiri mbali imeneyi pa makhadi a RX 9000.

Tsopano taganizirani za amene azionera. Ngati ambiri mwa iwo ali ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Mzuzu, akuonera pa foni ndi bandulo ya Airtel kapena TNM. Kanema wa 6 Mbps amadya 2.7 GB pa ola limodzi, ndipo ndi ochepa amene angapirire zimenezi madzulo aliwonse pongofuna kuona m'bale wawo akusewera. Apa YouTube ili ndi ubwino wakuti imapanga yokha makope ang'onoang'ono a kanema wanu, moti woonera angasankhe 360p kapena 480p kuti bandulo isathe msanga, pamene pa Twitch mwayi umenewu sutsimikizika kwa woulutsa amene wangoyamba kumene. Tanthauzo lake ndi lakuti kulipira ndalama zambiri kuti muulutse pa 4K n'kulipirira chinthu chimene anthu anu sadzachiona. Chofunika kwa iwo n'chakuti chithunzi chisamaduke, zilembo za m'gemu ziziwerengeka pa foni, ndipo mawu azimveka. Sikirini ya 1440p ili ndi mwayi winanso pamenepa, wakuti ikachepetsedwa ndi theka m'litali ndi m'lifupi imatulutsa 720p yeniyeni, ndipo 720p yopanikizidwa bwino imaoneka bwino pa foni kuposa 1080p yoperewera data. Mwayi wina umene anzathu a ku UK kapena ku America alibe ndi wakuti nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, choncho madzulo anu ndi madzulo awonso.

Mawu amafuna chisamaliro chimene ambiri amachiiwala polemba bajeti. Woonera amapirira chithunzi chosawala bwino, koma mawu akamaphokosera amachoka. M'chipinda cha pafupi ndi msewu, kumene mataxi amaliza mahutala kuyambira mbandakucha, kapena m'nyumba yogawana ndi anthu ena, maikolofoni ya mtundu wa dynamic yoikidwa pafupi ndi pakamwa imathandiza kuposa ya condenser, imene imatola chilichonse mpaka kulira kwa mafani a kompyuta yomweyo.

Intaneti ya kuno imagulitsidwa ndi manambala awiri, ndipo woulutsa ayenera kuyang'ana yachiwiri, imene ndi liwiro lotumizira. Phukusi lolembedwa 50/25 limalandira 50 Mbps koma limatumiza 25 Mbps. N'kwanzeru kuti liwiro lotumizira likhale kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi zimene mukuulutsa, chifukwa gemu nayo ikutumiza zake, ndipo wina m'nyumbamo akhoza kukhala akuimba foni ya kanema pa WhatsApp. Makampani oika nthambo za faiba monga Vumatel, Openserve ndi MetroFibre afika m'madera ambiri a mzinda uno, koma osati pa nyumba iliyonse, ndipo wochita lendi ayenera kumvana kaye ndi landilodi asanaboole khoma. Zimenezi zifufuzidwe musanagule chipangizo chilichonse. Kompyuta ilumikizidwe ku rauta ndi nthambo, osati ndi Wi-Fi, makamaka m'mafulati a ku Hillbrow, Berea kapena Yeoville kumene marauta ambirimbiri amalimbirana mafunde omwewo. LTE ndi 5G zimatha kuthamanga bwino masana n'kuyamba kusinthasintha madzulo pamene aliyense wabwera ku ntchito, ndipo kuulutsa kumafuna liwiro lokhazikika kuposa liwiro lalikulu. Palinso china chimene ndalama sizingakonze. Uthenga wopita ku seva (kompyuta yoyendetsa gemu) ya ku Ulaya ndi kubwerako umatenga pakati pa 150 ndi 200 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi), chifukwa uyenera kutsikira kunyanja n'kuyenda m'nthambo za pansi pa madzi mtunda wa makilomita zikwizikwi. Magemu amene ali ndi maseva mu South Africa momwemuno, monga Counter-Strike 2 ndi Dota 2, amayankha msanga kwambiri. Pa amene maseva ake ali ku Ulaya, khadi la marandi 60,000 silichotsapo ngakhale 1 ms pa ulendo umenewo.

Purosesa ndiyo imakonza zimene khadi lijambule: malo amene mdani aliyense ali, kumene chipolopolo chikulowera, ndi malamulo onse a gemu. Ikachedwa, khadi limangodikira, monga chigayo cha injini yaikulu chimene wothira chimanga akuthira pang'onopang'ono. Pa magemu, mapurosesa a AMD amene dzina lawo limathera ndi X3D akhala patsogolo m'zaka zapitazi chifukwa ali ndi cache yaikulu, kamemory kothamanga kwambiri ka m'kati mwa purosesa momwemo. Ryzen 7 7800X3D ya mu 2023 ndi Ryzen 7 9800X3D ya mu Novembala 2024 zonse zili ndi ma core (timagawo togwira ntchito m'purosesa) 8 ndi cache ya 96 MB, ndipo popeza kupanikiza kanema kwapita ku khadi, ma core 8 akukwanira kusewera ndi kuulutsa nthawi imodzi. Ryzen 9 9950X3D ya ma core 16 ndi ya munthu amene amakonzanso makanema aatali, mwina a maukwati ndi zinkhoswe kumapeto a sabata, ndipo kwa iye ndalama zowonjezerazo zimabwerera. Core Ultra 9 285K ya Intel, ya mu Okutobala 2024, ndi yamphamvu pa ntchito zotere koma pa magemu imatsalira kumbuyo kwa ma X3D. Ogula zogwiritsidwapo kale ntchito adziwe kuti mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena amphamvu a m'badwo wa 13 ndi 14 ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha kuchuluka kwa magetsi olowa m'kati mwake. Inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito kompyuta ikayatsidwa, n'kuwonjezera waranti ndi zaka ziwiri, koma purosesa imene inawonongeka kale siichira ndi zokonzazo.

Purosesa ikasankhidwa, motherboard, bolodi limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yasankhika kale theka, chifukwa Ryzen zatsopano zimalowa pa soketi ya purosesa yotchedwa AM5 pamene Core Ultra zimalowa pa LGA1851. AM5 inayamba mu 2022, ndipo AMD inalonjeza kuichirikiza mpaka 2027 kapena kupitirira, kutanthauza kuti mungadzasinthe purosesa osagulanso motherboard. Apa ndi pamene munthu angapulumutsepo ndalama popanda kutaya kanthu, popeza motherboard yabwino ya B650 kapena B850 imatulutsa zithunzi zofanana ndi ya X870E yodula. Muwerenge kokha kuti ili ndi malo okwanira a USB, chifukwa maikolofoni, kamera, kiyibodi, mausi ndi chosewerera cha m'manja zimadzaza malowo msanga. B650 imene yakhalitsa m'sitolo ingafune BIOS yatsopano isanazindikire Ryzen 9000, ndipo ndi bwino kufunsa wogulitsa za zimenezi musanalipire.

RAM, memory imene purosesa imagwiritsa ntchito, ikhale 32 GB ya DDR5-6000, m'timitengo tiwiri osati tinayi, chifukwa pa AM5 timitengo tinayi timakakamiza liwiro kutsika. Mukamaliza kumanga, muyatse EXPO kapena XMP mu BIOS, apo ayi RAM yanu iziyenda pa liwiro lotsika kuposa limene munalipira. Mitengo ya RAM inakwera kwambiri chakumapeto kwa 2025 pamene makampani a AI ankagula memory yochuluka, choncho bajeti yolembedwa kale isadaliridwe popanda kuonanso mitengo. Posungira zinthu, SSD ya NVMe ya 2 TB ya PCIe 4.0 ndi yokwanira. Za PCIe 5.0 zimathamanga pafupifupi kawiri pa pepala, koma gemu siitseguka msanga kawiri, ndipo zimatentha. Kukula ndiko kofunika, popeza magemu ena amapitirira 100 GB iliyonse, ndipo makanema amene mumasunga mukamaulutsa amadzaza malo mofulumira.

Power supply ndi chipangizo chimene sichioneka pa kanema, ndipo n'chifukwa chake ambiri amachinyozera, chikhalirecho chikalephera chimatha kupita ndi zinzake. Nvidia imalangiza mawati 850 pa RTX 5080 ndi 1,000 pa RTX 5090. Musankhe ya muyezo wa ATX 3.1, imene inapangidwa kuti ipirire kukoka kwadzidzidzi kwa makhadi atsopano ndipo imabwera ndi nthambo yakeyake ya 12V-2x6. Nthambo imeneyi ili ndi mbiri. Chakumapeto kwa 2022 eni ena a RTX 4090 anapeza pulagi ya mtundu woyamba, ya 12VHPWR, itasungunuka, ndipo Nvidia inanena kuti nthawi zambiri chinkachititsa ndi pulagi yosalowetsedwa mpaka kumapeto. Mtundu watsopanowu unakonzedwa kuti khadi lisakoke mphamvu zonse ngati pulagi sinalowe bwino, komabe kapulagi kakang'onoko kamanyamula mpaka mawati 600, choncho kakanikizidwe mpaka kamveke kuti kagwira, ndipo nthambo isapindidwe pafupi penipeni ndi pulagi. Pa chifukwa chimenechi bokosi liyenera kukhala lotakata mokwanira kuti chitseko chisamakanikize nthamboyo, komanso lalitali mokwanira, popeza makhadi ambiri amphamvu amapitirira masentimita 30.

Kuseri kwa power supply kuli khoma, ndipo za khomali malangizo olembedwa ku America kapena ku Ulaya sanena kanthu. Mu 2023 magetsi ankathimitsidwa mwadongosolo m'dziko lino pa masiku oposa 300. Kuyambira kumapeto kwa Marichi 2024 kuthimitsako kunachepa kwambiri, komabe m'madera ambiri, kaya a City Power kaya olandira mwachindunji kwa Eskom monga Soweto, magetsi amathimabe chifukwa cha kubedwa kwa nthambo kapena kuwonongeka kwa masiteshoni ang'onoang'ono. Choopsa kwa kompyuta si kuthima kokha komanso kubwera kwake, pamene mphamvu imatha kulumpha kwa kanthawi. UPS iwerengedwe ngati chimodzi mwa zipangizo za kompyutayo. Poigula muyang'ane mawati osati VA, chifukwa zotchipa zambiri zolembedwa 1,000 VA zimanyamula pafupifupi mawati 600 okha, ndipo kwa power supply zamakono yabwino ndi ya pure sine wave. Ntchito yake si yoti mupitirize kusewera kwa maola, koma kukupatsani mphindi zochepa zotsanzikira oonera ndi kuzimitsa makina bwinobwino. Rauta ndi kabokosi ka faiba zimafuna kabatire kawokawo, kamene ndi kotchipa. M'nyengo ya mvula, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Marichi, Johannesburg imakhala ndi mphenzi zoopsa masana ndi madzulo, ndipo palibe chotetezera cha pa soketi chimene chingaimitse mphenzi yogwa pafupi. Mabingu akayandikira, kuzula pulagi ndiyo njira yodalirika.

Amene akukhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba aonenso mmene magetsi amafikira m'chipindamo. Ngati amabwera ndi nthambo yaitali yochokera kunyumba yaikulu, yopanda waya wa earth, zotetezera zija sizigwira bwino ntchito, ndipo mu Juni, pamene hita ya mawati 2,000 ndi ketulo zayatsidwa pa nthambo yomweyo, switchi yaikulu imagwa gemu ili pakati. Palinso nkhani ya mayunitsi. Makina okoka mawati 700 pamodzi ndi sikirini ndi nyali, akamayaka maola anayi pa tsiku, amadya mayunitsi 84 pa mwezi. Pa mita yogawana ndi anthu ena, nkhaniyi ndi yofunika kuikambirana isanasanduke mkangano.

Kuziziritsa nako kuli ndi zake kuno. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo mpweya wake ndi wopepuka ndi 15 mpaka 20 peresenti poyerekeza ndi wa ku Durban kapena Cape Town. Fani yozungulira pa liwiro lomwelo imakankha mpweya wochepa kulemera, motero imachotsa kutentha kochepa, ndipo manambala a kutentha amene mumaona kwa oyesa zipangizo a kumaiko ena angakhale otsikirapo kuposa amene mudzaone kwanu. Choziziritsira cha madzi sichithawa lamuloli, pakuti nacho chimatayira kutentha mu mpweya womwewo. Choncho bokosi likhale la kutsogolo kwa timabowo osati kwa galasi lotseka, ndipo choziziritsira purosesa chikhale chokulirapo kuposa chongokwanira. Pa 9800X3D, ya mawati 120, choziziritsira cha mpweya cha nsanja ziwiri chimakwanira ndipo chilibe pampu yoti idzafe. Fumbi la nyengo yozizira ndi la mphepo ya mu Ogasiti, makamaka kumwera kwa mzinda pafupi ndi milu ya dothi la migodi yakale, limatseka masefa m'masabata ochepa, ndipo kompyuta yoikidwa pansi imameza lambiri kuposa ya patebulo. Mpweya wouma wa nyengo yomweyi ndiwo umachititsa kuti munthu athetheke akagwira chitsulo, choncho pomanga muzigwira kaye chitsulo cha bokosi musanagwire RAM kapena khadi, ndipo musamangire pa kapeti.

Pogula, masitolo odziwika ndi zipangizozi ndi monga Evetech ya ku Centurion ndi Wootware ya ku Western Cape, imene imatumiza katundu kuno, ndipo zina zimapezeka pa Takealot. Mitengo imatsata dola, choncho imasintha randi ikagwa kapena ikalimba. Tsamba la PCPartPicker limathandiza kuona ngati zipangizo zimene mwasankha zikugwirizana. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limapatsa wogula miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wopezeka ndi vuto, ndipo wogulayo ndiye amasankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa kapena kubwezeredwa ndalama. Lamuloli limateteza ogula kwa amalonda, osati kwa munthu wamba amene mwakumana naye pa Facebook Marketplace. Kumeneko khadi lingakhale lotchipa, koma muliyese likugwira ntchito mu gemu kwa kanthawi musanapereke ndalama, popeza m'maiko angapo mwapezekapo makhadi a RTX 4090 ogulitsidwa atachotsedwa chip yake m'kati, kunja akuoneka abwinobwino. N'kwabwinonso kugula zipangizo zikuluzikulu m'nyengo imodzi m'malo mogula chimodzi mwezi uliwonse, chifukwa motherboard imene yakhala m'katoni miyezi isanu ndi iwiri kudikira purosesa imatha nthawi yake yobwezera musanadziwe ngati imayaka. Windows ikhale 11, poti Microsoft inasiya kuchirikiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo magemu ena opikisana amakana kutseguka ngati chitetezo cha Secure Boot sichinayatsidwe mu BIOS.

Ambiri a ife timaganiza zodzabwerera kumudzi ndi katundu wathu, ndipo kompyuta yotereyi ingathe kupita nawo. Magetsi a ku Malawi ndi a 230 V ndi 50 Hz ngati a kuno, choncho chosintha ndi nthambo ya kukhoma yokha, kuchoka ku pulagi ya mano ozungulira kupita ku ya mano amakona. Chovuta ndi ulendo. Basi yochokera ku Park Station imadutsa Beitbridge, Zimbabwe ndi Tete isanafike ku Mwanza kapena ku Dedza, ndipo khadi lolemera makilogalamu awiri likasiyidwa pa motherboard m'mabampu a njira imeneyi limatha kuthyola polowera pake. Khadi lichotsedwe n'kuikidwa m'katoni yake, chimodzimodzinso choziziritsira chachikulu cha mpweya, ndipo ichi ndi chifukwa chokwanira chosatayira makatoni ngakhale chipinda chili chaching'ono. Malisiti asungidwe, chifukwa a MRA pachipata angafune umboni wa mtengo wake, komanso chifukwa waranti ya zipangizo zogulidwa kuno imatsatidwa kudzera kwa amene anakugulitsani. Khadi likafa muli ku Lilongwe, liyenera kubwereranso ku South Africa kuti likaonedwe.